Manambala a mtDNA Akasemphana M'database: Poyambira Kufufuza

Gulu lofufuza likangoyamba kusonkhanitsa deta ya mtDNA (DNA ya m'mitochondria, yomwe munthu amatengera kwa mayi ake) yochokera m'manja osiyanasiyana, vuto la manambala osemphana silichedwa kutulukira. Kuno ku Lusaka deta yotere imafika m'njira zambiri. Ina ndi yakale, yowerengedwa ndi makina a Sanger m'masiku omwe anthu ankafuna kudziwa chifukwa chake stavudine, mankhwala a HIV, ankawononga mitsempha ya m'miyendo mwa odwala ena n'kuwasiya ena. Ina inatumizidwa kunja n'kubwerako ngati mafayilo a VCF, olemba ma-variant, ndiko kuti malo omwe sampulo yasiyana ndi sikwensi yoyezera. Ina wophunzira wa masters anaikopera ku GenBank, nkhokwe ya masikwensi ya pa intaneti, kuti akhale ndi poyerekezera. Mukazithira zonsezi m'database imodzi, munthu mmodzi amapezeka ndi ma-haplogroup awiri (nthambi za mtengo wa chibale chakuchikazi), mayi ndi mwana wa m'mimba mwake amasiyana malo khumi, ndipo m.3243A>G (A wasanduka G pa malo a chi 3243) yomwe lipoti la labu likuti ilipo, mukaifunafuna siioneka.

Zikatere dzanja limathamangira kukonza nambalayo mu Excel. Ligwireni. Nambala imodzi yosemphana yomwe mwaiona kawirikawiri imakhala ndi zinzake mazana zomwe simunazione, ndipo zonse zinalowa pakhomo limodzi. Mukakonza imodzi ndi manja mwafufuta phazi lomwe likanakulondolerani kukhomoko.

Yambani ndi kutalika kwa reference

mtDNA ya munthu ndi mkombero wa zilembo pafupifupi 16,569, momwe muli majini 37: a mapuloteni 13, a tRNA 22 ndi a rRNA awiri. Nambala ngati 3243 payokha sinena kanthu. Imangotanthauza malo a chi 3243 pa sikwensi inayake yomwe tinagwirizana kuti tiziyezera, ndipo masikwensi oyezerawa, otchedwa reference, alipo oposa imodzi.

Yoyamba inatuluka mu 1981 ku Cambridge, m'gulu la Frederick Sanger. Mu 1999 anaiwerenganso n'kukonza zolakwika 11, ndiye inabadwa rCRS, yomwe ku GenBank ndi NC_012920.1. Ma-database a MITOMAP ndi gnomAD komanso malipoti a kuchipatala amawerenga malo potsata iyi. Koma hg19, reference ya DNA yonse ya munthu ya ku yunivesite ya UCSC, yomwe mapulogalamu ambiri akale anamangidwira pamwamba pake, inatenga sikwensi ina, NC_001807, ya munthu wa Chiyoruba, yotalika zilembo 16,571. Dzina lisakupusitseni, popeza m'ma-reference otere mtDNA imangotchedwa chrM kapena MT: chrM ya hg19 ndi ya Chiyoruba ija, chrM ya hg38 ndi rCRS, ndipo MT ya GRCh37 yochokera ku Ensembl ndi rCRS-nso. Chodalirika ndi kutalika. Pa fayilo ya BAM, yosunga zomwe makina anawerenga zitayezedwa pa reference, lembani `samtools view -H fayilo.bam | grep LN:165`, pa VCF yang'anani mzere wa `##contig` pamwamba. Mukaona 16571, mwapeza pakhomo paja.

Ambiri akafika apa amaganiza zongochotsa 2 pa nambala iliyonse. Sizitheka, chifukwa kusiyanako sikofanana mkombero wonse. Kuyambira pa 1 mpaka cha m'ma 300 manambala amafanana. Kudutsa 315 a hg19 amakhala patsogolo ndi 2. Kudutsa 3107 amatsogola ndi 1 yekha, kenaka chakumapeto, cha pa 16190, amabwereranso pa 2. Ndiye chifukwa chake m.3243A>G imabisala pa 3244, m.11778G>A ya matenda a maso a LHON imakhala pa 11779, koma m.1555A>G ili pa 1557. Ya 1555 iyi si yoseweretsa: munthu amene ali nayo akapatsidwa gentamicin, streptomycin kapena amikacin akhoza kugontha osamvanso. Ngati kafukufuku wanu akukhudza odwala TB kapena makanda olandira gentamicin, kusuntha kwa malo awiri kukhoza kukupangitsani kulemba kuti mulibe munthu wa variant imeneyi pomwe alimo.

Ngakhale mutasuntha manambala molondola, ntchito sinathe. VCF imalemba pokhapo pomwe sampulo yasiyana ndi reference. Pamalo pomwe munthu wanu akufanana ndi sikwensi ya Chiyoruba koma akusiyana ndi rCRS, fayilo ija inangokhala chete, ndipo palibe mzere woti muusunthe. Mankhwala ake enieni ndi kubwerera ku mafayilo a FASTQ (zomwe makina anawerenga zisanayezedwe) kapena BAM n'kuyezanso pa rCRS. Ngati amenewo anatayika, manganinso sikwensi yathunthu ya munthuyo kuchokera ku reference yakale ndi VCF yake, kenaka muyerekezere FASTA imeneyo ndi rCRS.

Pali kayezedwe kachangu komwe ndimakakonda. Mwini wake wa rCRS anali wa ku Ulaya, wa haplogroup H2a2a1, ndipo anali ndi zilembo zingapo zosowa mwa anthu ena. Motero pafupifupi aliyense padziko lapansi amaoneka ndi 750G, 4769G, 8860G ndi 15326G akayezedwa pa rCRS. Werengani kuti ndi masampulo angati a sikwensi yathunthu omwe alibe zinayi zonsezi. Akakhala ambiri, ndipo onse anabwera pa hard drive imodzi, yankho mwaliona kale.

Kutalika kukagwirizana koma zilembo zili chafufumimba

Mu 2012 kunabwera RSRS, sikwensi yoyerekeza ya kholo la anthu onse kumbali ya amayi. Inakonzedwa dala kuti manambala ake afanane ndi a rCRS, ndiye kuyeza kutalika sikungakuthandizeni pano. Chizindikiro chake ndi zilembo zotembenuka: tebulo lina likuti A2706G ndi C7028T, lina likuti G2706A ndi T7028C. PhyloTree, mtengo wa ma-haplogroup, nayo imalemba kusintha kuchokera kwa kholo kupita kwa mdzukulu, kotero munthu akakopera mndandanda kumeneko n'kuuika m'kolamu ya ma-variant a rCRS, amasokoneza tebulo lonse.

Ine ndimati sungani zonse pa rCRS, popeza ndi chinenero chomwe a kuchipatala amamva. Koma dziwani mtengo wake kwa ife. Munthu wa haplogroup H amasiyana ndi rCRS malo ochepa, pomwe wa L0 kapena L1, omwe ndi ambiri ndithu m'masampulo a ku Zambia, amasiyana nayo malo oposa 50 popanda cholakwika chilichonse. Pulogalamu yosefa deta yomwe inalembedwera anthu a ku Ulaya, yoti sampulo ya ma-variant ochuluka ndi yoipa, idzakutayirani anthu abwinobwino mwakachetechete. Masampulo akachepa mukasefa, onani kuti otayidwawo ndi a nthambi iti.

Malo a 3107 ali ndi nkhani yawoyawo. Sikwensi ya 1981 inalemba C kawiri pomwe pali mmodzi. Pokonza mu 1999 sanafune kusuntha manambala omwe anali atalowa kale m'mapepala ambirimbiri, ndiye anasiya N pamalopo kuti asunge mpando. Mapulogalamu ena amachotsa N ameneyu, reference n'kukhala 16,568, ndipo chilichonse chodutsa pamenepo chimabwerera m'mbuyo ndi 1. Ena amalemba 3107del pa munthu aliyense. Imeneyo si variant, ichotseni pa mawerengero.

Kusuntha kwina n'kosavuta kukuzindikira. Zonse zikachepa ndi 1 kuyambira pachiyambi penipeni, deta inadutsa mu fayilo ya BED, yomwe imayamba kuwerenga pa 0 pomwe VCF imayambira pa 1. Mukaona 223, 278 ndi 311 m'kolamu ya HVS-I, kachigawo kosinthasintha kwambiri kakumapeto kwa mkombero, ndi kalembedwe ka mapepala akale komwe ankachotsa 16000. Onjezerani, koma samalani kuti musaonjezere pa manambala a HVS-II, omwe ndi aang'ono mwachibadwa popeza kachigawoko kali kuchiyambi kwa mkombero. Kusiyana kwa 8000 kumachokera ku njira ya pulogalamu ya GATK, yomwe imatembenuza mkombero ndi zilembo 8000 kuti iwerenge bwino polumikizira 16569 ndi 1. Wina anaiwala kubwezera.

Chinthu chimodzi, maina awiri

Apa ndi pomwe nthawi imathera, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Chilembo chikaonjezeka kapena kuchoka pakati pa zilembo zofanana, palibe angaloze kuti chachoka n'chiti. Pa mndandanda wa ma-C asanu pakabwera wachisanu ndi chimodzi, wabwera kutsogolo kapena kumbuyo? Anthu anangogwirizana, koma anagwirizana pawiri. A database ya EMPOP, a PhyloTree ndi malamulo a HGVS a kalembedwe ka ma-variant amakankhira kusinthako kumanja, ku nambala yaikulu. VCF imakankhira kumanzere.

Zotsatira zake, 315.1C ya m'mapepala (C woonjezeka pambuyo pa malo a chi 315) ndi yomweyo yomwe VCF imalemba kuti 310 T>TC. 309.1C imakhala 302 A>AC. Kuchoka kwa AC komwe ambiri amalemba 523-524d kumaoneka ngati 513 GCA>G. Ndipo chachikulu kwa ife ndi kuchoka kwa zilembo 9 pakati pa jini ya COII ndi tRNA ya lysine, komwe kumapezeka mu L0a2, nthambi yofala pakati pa anthu olankhula zinenero za Chibantu kumwera chakum'mawa kwa Africa. Buku limati 8281-8289d, VCF imati 8270 CACCCCCTCT>C. Database yomwe imayerekeza mawu ndi mawu idzaona zinthu ziwiri zosiyana, idzagawa anthu omwewo pawiri, ndipo kuchuluka kwa variant kudzatsika popanda wodziwa. Ndamvapo wophunzira akuuza a supavaiza ake kuti wapeza variant yatsopano yosapezeka m'MITOMAP, chonsecho ndi yakaleyi itavala malaya ena.

Sankhani kalembedwe kamodzi ka kolamu yofufuzira, ndipo deta iliyonse idutse pa pulogalamu imodzi yosinthira isanalowe. Pa ma-VCF, `bcftools norm -f rCRS.fasta` imawalinganiza onse kumanzere. Kalembedwe koyambirira kasungeni m'kolamu yapambali, osakafufuta. Mukakayika ngati mizere iwiri ndi chinthu chimodzi, ikani kusintha kulikonse pa rCRS muone ngati pakutuluka sikwensi yofanana. Imeneyo ndiyo mboni yosanama.

Ndipo musataye masiku kufufuza chifukwa chake mayi ali ndi 309.1C mwana ali ndi 309.2C. Kutalika kwa ma-C kumeneku kumasiyana ngakhale m'maselo a munthu mmodzi. PhyloTree yeniyeniyo siwerengera 309.1C, 315.1C, ma-AC a cha pa 520, 16182C, 16183C, 16193.1C ndi 16519 pomanga mtengo wake. Poyerekeza achibale inunso muziwaika padera.

Palibe, kapena sitinawerenge?

Cholakwika chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonse sichioneka ndi maso, chifukwa ndi malo opanda kanthu. Sampulo ya 2008 inawerengedwa HVS-I yokha, cha pa 16024 mpaka 16365. Ya chaka chatha inawerengedwa mkombero wonse. M'tebulo la ma-variant onse awiri alibe mzere wa 1555. Kwa wachiwiriyo zikutanthauza kuti alibe variant. Kwa woyambayo zikutanthauza kuti palibe anayang'anako. Database yopanda kolamu yonena kuti anawerenga kuyambira pati kulekeza pati imawaika onse awiri m'dengu limodzi, ndipo peresenti iliyonse yomwe mungawerengere pamenepo ndi yabodza.

Zolembedwa pa protocol sizikwanira, pamafunika pomwe kuwerenga kunafikadi pa sampulo iliyonse. Munthu akakhala ndi 16189C, T yemwe amadula mndandanda wa ma-C pakati pa 16184 ndi 16193 amachoka, ndipo makina a Sanger akadutsa pamenepo amayamba kubwebweta. Zilembo zotsatira sizidalirika pokhapokha anawerenganso kuchokera mbali inayo. 16189C ndi yofala kwambiri mu L0 ndi L1, koma kumeneko kawirikawiri imabwera pamodzi ndi 16187T, yomwe imadulabe mndandandawo. Bwererani ku ma-chromatogram, magirafu omwe makina a Sanger anatulutsa, ngati alipo.

Apa ndi pomwenso pamachokera nkhani ya ma-haplogroup awiri. HaploGrep, pulogalamu ya ku Innsbruck, imafuna kuuzidwa gawo lomwe linawerengedwa. Mukaipatsa HVS-I yokha osaiuza, imaganiza kuti kwina konse munthuyo akufanana ndi rCRS, ndipo imamukokera kunthambi yolakwika kapena kupereka maliki otsika. Komanso munthu kukhala L3e m'tebulo lina ndi L3e2b m'lina si mkangano: kwinako anali ndi zilembo zambiri zoonera. Mtengo nawo umasintha. PhyloTree Build 17 inatuluka mu February 2016, ndipo maina ena a nthambi m'mapepala akale sakufanana ndi ake. Musakopere dzina la haplogroup kuchokera pa pepala. Liwerengereninso nokha pa masampulo onse tsiku limodzi, ndi pulogalamu imodzi, ndi mtengo umodzi, ndipo mulembe m'kolamu kuti ndi uti.

Koma HVS-I ikamaloza ku L2a pomwe HVS-II ya munthu yemweyo ikuloza ku L1b, kumeneko si kalembedwe. mtDNA sisakanikirana chotero. Machubu anasinthana pabenchi, kapena wolowetsa deta anatsetsereka mzere umodzi. Yang'anani sampulo yoyandikana nayo pa mbale ya PCR, nthawi zambiri theka linalo lili pomwepo.

Za heteroplasmy

Selo limodzi lili ndi makope mazana kapena zikwi a mtDNA, ndipo sakhala ofanana onse nthawi zonse: kusakanikirana kumeneku ndiko heteroplasmy. Deta ya Sanger imalemba kusakanikiranaku ndi zilembo za IUPAC, Y pa C ndi T, R pa A ndi G, koma siona gawo laling'ono lochepera cha pa 10 kapena 20 peresenti. Makina atsopano amaona pansi kuposa apo. Ndiye sampulo imodzi kukhala yoyera m'tebulo lakale ndi yosakanikirana m'latsopano n'zoyembekezereka. Kolamu ya inde kapena ayi siyokwanira. Pamafunika peresenti, kuzama kwa kuwerenga, njira yomwe anagwiritsa ntchito, ndi komwe sampulo inatengedwa. Chomalizachi ambiri amachiiwala. m.3243A>G imatsika m'magazi munthu akamakula pomwe mu mkodzo ndi m'minofu imakhalabe yokwera, kotero manambala awiri osiyana a munthu mmodzi akhoza kukhala oona onse.

Ma-variant aang'onoang'ono, a peresenti imodzi kapena ziwiri, akamabwera pamalo omwewo mwa anthu ambiri osagwirizana magazi, ganizirani ma-NUMT, zidutswa za mtDNA zomwe zinalowa mu DNA ya mu nucleus kalekale. Zimavuta kwambiri pa sampulo yomwe mtDNA yake ndi yochepa, komanso pomwe deta yonse inayezedwa pa reference ya mtDNA yokha popanda ma-chromosome ena oti akoke zidutswa zawo. Akakhala ambiri mwa munthu mmodzi yekha, onse pa mlingo wofanana, aikeni pamodzi muone ngati akupanga haplogroup ina. Akatero, m'chubumo muli anthu awiri. Pulogalamu ya Haplocheck inapangidwira ntchito imeneyi.

Zing'onozing'ono zomwe zimadya sabata

Kolamu ya amino acid ikadzaza ndi ma-stop pakati pa majini, pulogalamu yomasulira ikugwiritsa ntchito tebulo la nucleus. Mitochondria ya munthu imatsata tebulo nambala 2 la NCBI: UGA ndi tryptophan, AUA ndi methionine. MT-ND6 imawerengedwa kuchokera ku chingwe chinacho, ndiye zilembo zake ziyenera kutembenuzidwa. Ndipo MT-ATP8 ndi MT-ATP6 zimalowana pakati pa 8527 ndi 8572, monganso MT-ND4L ndi MT-ND4 cha pa 10760. Variant ya pamenepa imabala mizere iwiri mukalumikiza matebulo, ndipo wowerenga mosasamala amaiwerenga kawiri.

Excel imameza maziro otsogola, sampulo 00417 n'kusanduka 417, ndipo 315.1 ikakhala payokha m'kolamu ya manambala imatha kudulidwa kukhala 315. Lowetsani makolamu amenewa ngati mawu. Database yosasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono nayo imataya uthenga, popeza PhyloTree imalemba transversion (A kapena G kusanduka C kapena T, kapena mobwerera) ndi chilembo chaching'ono, monga C3516a. Za magetsi tonse tikuzidziwa, makamaka chichokereni chilala cha 2024 chomwe chinaphwetsa madzi ku Kariba. Fayilo yoduka pakati pokopera imatseguka bwinobwino nthawi zina, koma ma-variant ake amathera panjira, cha pa 9000, ngati kuti munthuyo alibe kanthu kutsogoloko. Yendetsani md5sum, yoonetsa ngati makope a fayilo akufanana, mbali zonse ziwiri musanafufute koyambira.

Masikwensi ofanana ndendende

Pomaliza kuyeretsa, wina amati tichotse obwerezabwereza, ndipo amafufuta mzere uliwonse womwe sikwensi yake ikufanana ndi ina. Pa mtDNA kumeneku n'kutaya anthu. Imachokera kwa mayi okha, ndiye agogo aakazi, ana awo onse, ndi ana a ana awo aakazi amakhala ndi sikwensi imodzi. Malume ndi mwana wa mlongo wawo amafanana, pomwe bambo ndi mwana wawo weniweni amasiyana. Ife a kum'mawa, a ku Katete ndi ku Chadiza, mzere umenewu timaudziwa kale, ndi mbumba yomwe ija. Kiliniki ya ku Chawama kapena ku Mtendere ikamalemba anthu m'kafukufuku, si zachilendo kuti pachibale abwere pamodzi. Pa HVS-I yokha ngakhale anthu osadziwana amafanana kawirikawiri.

Mzere ufufutidwe pokhapokha umboni wina utavomereza: nambala ya kafukufuku, tsiku lotenga magazi, zaka, kapena ma-marker a mu nucleus ngati alipo. Zikakhala kuti ndi pachibale, asiyeni onse ndipo muike kolamu yosonyeza banja, kuti powerengera kuchuluka kwa haplogroup muthe kutenga mmodzi pa mbumba iliyonse.

Kufananaku kumatanthauzanso kuti sikwensi ya munthu mmodzi imaulula za abale ake akuchikazi omwe sanasainire fomu iliyonse. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika deta ya majini m'gulu lofunika chitetezo chapadera, ndipo National Health Research Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndiyo imavomereza kutumiza masampulo kunja kwa dziko. Pofufuza vuto musatumize tebulo lonse pa WhatsApp kwa mnzanu wodziwa kompyuta. Tebulo lolumikiza maina ndi manambala likhale pa makina ena, lotsekedwa, ndipo wokuthandizani mumupatse mutu wa fayilo, dzina la reference ndi mizere ingapo ya ma-variant ofala ngati 750G ndi 8860G. Kuti aone ngati manambala asuntha, zimenezo zikumukwanira.